N'chiyani Chimadzutsa Munthu?



Pamene tinkayamba kuphunzira m'chilimwe, pansi pa mtengo uno panalibe poponda. Lero mphasa zina zilibe anthu. Ife aphunzitsi a m'brigada tinakhala pansi n'kufunsana: n'chiyani chimadzutsa munthu kuti achite chinthu, nanga chimamuleketsa n'chiyani? Mnzathu wina anati, "Tiyeni tipemphe sopo ndi mchere, tizigawira aliyense wobwera." Tinakangana mpaka nyali kuzima. Mlanduwu tautula kwa inu.

Funsoli si la lero. Mu 1943 munthu wina wophunzira za maganizo a anthu ku America, dzina lake Abraham Maslow, analemba kuti zosowa za munthu zimabwera motsatana. Choyamba ndi chakudya, madzi ndi tulo. Kenaka kukhala mopanda mantha, kukondedwa, kupatsidwa ulemu, ndipo pomaliza kufika pamene nzeru ndi luso lake zingafike. Penapo ananena zoona. Ino ndi miyezi ya njala, nkhokwe zili gwa, udzu ukupambana chimanga. Mayi amene wapita ku ganyu m'malo mobwera kuno si waulesi ayi. Koma sitimuvomereza pa zonse. Taona munthu wanjala akusiya khasu, natenga ufa wake wotsiriza kupita nawo ku maliro a mnansi. Ofufuza amene anabwera pambuyo pa Maslow anapezanso kuti zosowazi sizidikirana pa mzere.

Nanga za sopo zija? Wina wa ku America komweko, B. F. Skinner, ankaika khoswe m'bokosi. Khosweyo akaponda kachitsulo, kachakudya kankagwa. Posakhalitsa ankaponda kosaleka. Chakudya chikaleka kugwa, nayenso pang'ono ndi pang'ono ankaleka. Mphatso imagwiradi ntchito, koma funsani: tsiku limene sopo adzathe, adzatsala ndani pa mphasa?

Pali china chimene chinatidabwitsa koposa. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake awiri anayesa ana aang'ono amene ankakonda kale kujambula zithunzi. Ena anawalonjeza pepala la ulemu lokhala ndi kansalu kokongola ngati ajambula. Ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, zojambulira zinaikidwanso poyera, popanda mphatso. Ana olonjezedwa aja anajambula nthawi yochepa kuposa anzawo. Chinthu chimene ankachita mwa chikondi chinasanduka ganyu, ndipo ganyu wopanda malipiro amamufuna ndani? Musatimve molakwa: wolima m'munda wa mwini ayenera kulipidwa, osam'bera. Koma munda uno wa zilembo ndi wanu.

Edward Deci ndi Richard Ryan, amene anafufuza nkhaniyi zaka zambiri, amati munthu amalimbikira akaona kuti wasankha yekha, kuti akutha, ndiponso kuti ali pamodzi ndi anzake. Titamva izi tinachita manyazi, chifukwa nthawi ya kalasi tinaika ndife, osakufunsani. Tinakupatsaninso mawu ambiri pa tsiku limodzi, ndipo agogo ena anabwerera kwawo akuganiza kuti mutu wawo unauma. Mutu sunaume. Ife ndi amene tinathamanga.

Kumbukirani amayi aja amene mwezi watha anawerenga okha tsiku la katemera pa khadi la mwana wawo. Palibe anawapatsa kanthu, koma tsiku lotsatira anafika kuno ife tisanafike. Kumbukirani bambo aja amene anaona okha pa sikelo kuti thumba lawo ndi makilo 50, osati 45 monga ananenera wogula. Iwowo mpaka lero sajomba, ngakhale mvula igwe.

Choncho sopo sitipempha. M'malo mwake tichepetsa mawu a tsiku limodzi, ndipo tiphunzira zimene mukufuna kuwerenga: kalata, sikelo, khadi la kuchipatala. Amene munda wawapanikiza, tingathe kuwathandiza kupalira mwa dima, ife aphunzitsi tili patsogolo ndi makasu athu.

Tsopano za nthawi. Ena akuti masana dzuwa likaswa mtengo, pamene tonse tachoka kumunda. Ena akuti Loweruka ndi Lamulungu lokha mpaka titakolola. Amayi ayambe kulankhula, chifukwa mtondo ndi moto zimadikira iwo.