Batire Loyenera Galimoto Yakale
(Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi)

Lero ndikamba za batire, kapena kuti bateria monga ena timanenera. Kwathu kuno galimoto zakale zidakali pa ntchito. Ndizo zimanyamula mbatatesi kupita ku msika, ndipo usiku wodwala akafooka timathamangira zomwezo. Tsono batire likafa, mwini wake asangogula lililonse poti ndi lotchipa. Safunsa anadya phula.

Choyamba, dziwani mavolti a galimoto yanu. Zambiri ndi za mavolti 12, koma osati zonse ayi. Volkswagen Beetle, ija Apwitikizi amati Carocha, zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 zinali za mavolti 6. Mukaikamo la 12, mababu apsa. Ma Land Cruiser ena akale a dizilo ndi a mavolti 24, ndiye kuti mabatire awiri a 12 olumikizana. Pamenepo sinthani onse awiri pamodzi, chifukwa lakale limafooketsa latsopano.

Chachiwiri, onani mutu umene walumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Masiku ano ndi wa negetivi, wa chizindikiro cha (-). Koma galimoto zambiri zakale za ku Britain zinali zosiyana: Land Rover inkalumikiza pozitivi (+) ku chitsulo mpaka chaka cha 1967. Zina mwa izo amakaniko adazisintha kale, ndiye musadalire chaka chokha. Tsatirani waya ndi maso anu musanachotse batire lakale. Mukatembenuza mawaya pa galimoto ya olitaneta, olitanetayo imapsa nthawi yomweyo, wailesi nayo osapulumuka.

Chachitatu ndi kukula kwake. Yezani malo okhala batire, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, muonenso mbali imene mitu ili, kuti mawaya afike osakokedwa. Mu Beetle batire limakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Likatalika kapena likakhala losavundikira, masipuling'i a mpando amakhudza mitu munthu akakhalapo, moto n'kubuka.

Chachinayi, werengani manambala. Ya Ah ikunena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. Ya CCA ikunena mphamvu yolizira injini kukazizira. Injini ya dizilo imafuna mphamvu yambiri kuposa ya petulo. Amene muli kumapiri a Angónia mukudziwa mmene galimoto imavutira m'mawa mwezi wa Juni ndi Julayi. Musagule lochepera pa limene linalimo. Ndipo batire la sola, lija timaonerera kanema, ntchito yake ndi kupereka moto pang'onopang'ono, osati kuliza injini.

Nanga lotseka kapena lothira madzi? Ine ndimalangiza lothira madzi ngati galimoto ikadali ya dainamo, poti chowongolera moto chake chikasokonekera chimatha kutchaja mopitirira, madzi n'kumaphwa. Lotseka simungaliwonjezere. Kutentha ngati kwa mumzinda wa Tete nakonso kumaphwetsa madzi msanga. Thirani madzi a batire ogula, osati a pachitsime, ndipo asidi sawonjezera.

Muli m'sitolo, pemphani kuti aliyeze mukuona. Lodzaza bwino limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Likatsika pa 12.4, lakhalitsa osatchajidwa. Funsani tsiku limene linapangidwa, tengani lisiti ndi pepala la garanti. Mukaliika, makaniko ayezenso injini ikulira atapondako mafuta: pakhale pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena kufupi ndi pamenepo. Zikapanda kutero, vuto ndi chotchajira, ndipo batire latsopanolo lifanso, ndalama zanu n'kulowa m'madzi.

Pochotsa, yambani ndi waya wopita ku chitsulo. Pobwezera, ameneyo akhale womalizira. Fodya ndi machesi zikhale kutali, poti mpweya wotuluka m'batire umaphulika. Limangeni zolimba, misewu yathuyi mukuidziwa, kugwedezeka kumaononga zam'kati.

Pomaliza, batire lakufa musalitaye kuseri kwa nyumba kapena kulipereka kwa ana kuti aliswe. Muli mtovu ndi asidi, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana. Libwezeni kwa ogulitsa kapena kwa ogula mabatire akale.

Amene muli ndi mafunso, bwerani ndi manambala olembedwa pa batire lanu sabata yamawa, tidzawerengere limodzi.