Dongo m'chakudya cha nkhuku za nyama

 

Ndiyambe ndi funso. Ndani mwa inu anawetapo anapiye a nkhuku za nyama, n'kuwapatsa chakudya chokwanira, katemera wa chitopa n'kuwapatsa pa nthawi yake, koma pofika masabata 6 nkhuku zili zopepuka, nthenga zili nyankhalala, utuchi m'khola uli chinyontho chokhachokha? Manja ndawaona, ndi ambiri. Nthawi zambiri vuto limakhala m'thumba la chakudya, ndipo dzina lake ndi chuku.

Chuku mumachidziwa. Chimamera pa chimanga, madeya ndi mtedza zikasungidwa zisanaume bwino, ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu akatswiri anamuzindikira mu 1960 ku England, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa chifukwa chodya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Nkhuku ikamudya pang'onopang'ono siifa tsiku lomwelo ayi. Chiwindi chimatupa n'kuyezuka, matumbo amalephera kuyamwa chakudya, ndipo chitetezo cha m'thupi chimafooka moti ngakhale katemera sagwira bwino. Chakudya chimangotha, nkhuku osakula, ndalama zanu n'kumathera m'zitosi.

Apa ndi pomwe dongo limabwera. Sindikunena mtapo woumbira mbiya kapena dothi la pachulu. Ndikunena dongo lapadera lomwe limakumbidwa, kuyezedwa, kuumitsidwa ndi kuperedwa ngati ufa. Lodziwika kwambiri ndi bentonite, lomwe linapangika kuchokera ku phulusa la mapiri ophulika. Palinso kaolin, dongo loyera, ndi zeolite, mwala wokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. M'sitolo za mankhwala a ziweto mukafunsa toxin binder, kawirikawiri chimene chili m'paketimo ndi dongo lotere.

Limagwira ntchito bwanji? Dongoli nkhuku siiligaya. Limangodutsa m'matumbo, koma podutsapo poizoni wa chuku amakakamira pa ilo ngati mbalame pa ulimbo, ndiye zonse zimatulukira limodzi m'zitosi poizoniyo asanalowe m'magazi. Chiwindi chimapuma. Komanso dongo limamwa madzi, choncho zitosi zimalimba, utuchi umauma, fungo loyabwa m'maso lija limachepa, ndipo zilonda za kumapazi zimachepanso. Nkhuku ya matumbo abwino imasandutsa chakudya kukhala nyama.

Tsopano muyeso, ndipo apa tcherani khutu. Werengani zomwe zalembedwa pa paketi. Zambiri zimafuna pakati pa magalamu 50 ndi 250 pa thumba la chakudya la makilogalamu 50. Musapyole kilogalamu imodzi pa thumba. Dongo lilibe chakudya m'kati mwake. Likachuluka limadzaza mimba pachabe n'kumangirira mavitamini ndi michere yomwe nkhuku ikufuna. Posakaniza, yambani ndi beseni: thirani dongo m'madeya ochepa, sakanizani mpaka mtundu ufanane, kenaka muphatikize ndi thumba lonse. Mukangolikhuthulira pamwamba, nkhuku ina idya lambiri, ina osalawa n'komwe. Ngati mumagula chakudya chosakaniza kale kufakitale, funsani kaye, chifukwa china chimakhala nalo kale.

Amayi kumbuyoko afunsa ngati angakatape dongo lakudambo. Ayi, mayi, musatero. Dothi la kudambo limatha kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba, majeremusi ndi zitsulo zapoizoni. Ku America mu 1997 nkhuku zinapezeka ndi poizoni wa dioxin, ndipo atafufuza anapeza kuti anachokera ku dongo lomwe linkathiridwa m'chakudya. Ngati zinachitika ndi dongo la m'migodi, nanga la m'dambo losayezedwa? Chinanso, dongo limamangirira mankhwala ena, monga tylosin. Nkhuku zikakhala pa mankhwala, tiuzeni ife alangizi a ziweto musanapitirize kuthira.

Mawu omwe ndikufuna mupite nawo kunyumba ndi awa: dongo limathandiza pa chuku chochepa chomwe diso silinachione, koma silikonza chakudya chowola. Chimanga chiume mpaka chizilira poluma. Matumba akhale pa mathandala, osagunda khoma kapena pansi. Mtedza wonyala ndi chimanga chobiriwira chomwe mwasankhula musapatse nkhuku, zikwirireni. Madeya agulidwe ouma, okwanira masabata awiri basi.

Musangokhulupirira pakamwa panga. Pa anapiye omwe kalabu ya nkhuku ikulandira mwezi wamawa, tigawe khola pawiri. Mbali ina idye chakudya chothira dongo, ina chopanda, ndipo Loweruka lililonse tiziyeza nkhuku khumi mbali iliyonse pa sikelo n'kulemba m'kope. Pakatha masabata 6 tidzakumane pansi pa mtengo uno, mlembi adzatiwerengere manambala.

 Amene ali ndi funso aimike dzanja.