KUWERENGA MADZI A NAMONDWE ASANAFIKE



Ife okhala kutali ndi nyanja ya mcere timayesa kuti coopsa ca namondwe ndi mphepo yake. Koma pa gombe cimene cimapha anthu kawirikawiri ndi madzi, pakuti mphepo imakankha nyanja ndi kuiunjika pa mtunda.

Taonani mudzi wa Pass Christian m'dera la Mississippi, ku America. M'caka ca 1969 namondwe Camille anafika ndi mphepo ya mulingo wa 5, woposa yonse, ndipo madzi anakwera mamita 7 ndi theka. M'caka ca 2005 Katrina anafika pa mulingo wa 3 cabe, koma madzi anapitirira mamita 8. Anthu ena a m'gombe lija anakana kuthawa, nati nyumba zao zinapirira Camille. Ena mwa iwo anamira. Katrina anali wotambalala kwambiri, nakankha madzi pa malo akulu ndi kwa nthawi yaitali, pa nyanja yosaya.

Zinthu zotere munthu sangathe kuziwerenga ndi coko pa bolodi, ndiye cifukwa cake nchitoyi inapatsidwa kwa kompyuta. Rick Luettich ndi Joannes Westerink anakonza njira yochedwa ADCIRC. M'menemo nyanja imagawidwa m'tizigawo ta ngondya zitatu, monga maso a ukonde. Pakati pa nyanja masowo ndi akulu, koma pafupi ndi gombe, m'mitsinje ndi m'ngalande, ndi ang'ono ndithu, pakuti pamenepo ndi pamene pali nyumba za anthu. Kacigawo kali konse kamauzidwa kuya kwake ndi mphamvu ya mphepo yoomba pamwamba pake. Tsono makina amawerenga madzi olowa ndi oturuka, nabwereza kawirikawiri mpaka namondwe atatha. Njira yina, SWAN, yocokera ku Delft ku Holland, imaonjezapo mafunde, amene posweka amakankhira madzi kumtunda koposa.

Anyengo a ku America ali ndi njira yao, SLOSH. Amayesamo anamondwe ongopeka zikwi zambiri, nalemba mapu a midzi yoyenera kusamuka. Komabe makina sali mneneri. Namondwe akakhota pang'ono, madzi akuya amagwera mudzi wina. M'caka ca 2010 anyengowo anacotsa ciwerengero ca kukwera kwa madzi pa milingo 5 ija, kuti anthu aleke kuyeza madzi ndi mphepo yokha. Ine ndiyesa anacedwa.

Ana athu angathe kuona mbali yina ya zimenezi popanda kompyuta. Thirani madzi m'mbale yosaya ndi m'ndowa yodzala, muuze mwana mmodzi auzire pa zonse ziwiri ndi mphamvu imodzimodzi. M'ndowa madzi adzangonjenjemera, koma m'mbale adzathawira ku mkombero, natayika pa tebulo. Musawauze msanga cifukwa cake. Ayambe akangana okha.