Mafuta a m'Chiwindi ndi Kuthamanga kwa Magazi

Munthu amene dotolo wamuuza kuti ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi amayamba kudera nkhawa mtima wake, ndipo achita bwino kutero. Koma chilipo chiwalo china chimene sachikumbukira, ndicho chiwindi.

Chiwindi chikhala kumbali ya kumanja, pansi pa nthiti, ndipo mwa munthu wamkulu chilemera ngati kilogalamu imodzi ndi theka. Ntchito yake ndiyo kupanga ndulu, kusunga mphamvu ya chakudya, ndi kusefa zoipa za m'magazi. Munthu akamadya koposa muyeso wa ntchito yake, zotsalazo zisanduka mafuta, ndipo ena aunjikana m'chiwindi. Mafutawo akapitirira magawo 5 pa 100 a kulemera kwa chiwindicho, ndiye kuti nthenda yalowa.

Kale anthu ankayesa kuti nthendayi igwira akumwa mowa okha. Koma m'chaka cha 1980 Dr. Jurgen Ludwig ndi anzake a ku Mayo Clinic, ku America, anafotokoza za odwala amene ziwindi zawo zinaonongeka monga za zidakwa, chonsecho sanali akumwa. Ndipo mu 2023 akatswiri a maiko ambiri, popatsa nthendayi dzina latsopano, anawerengera kuthamanga kwa magazi pakati pa zizindikiro 5 zoyenda nayo limodzi. Pakuti nthenda ziwirizi ndi mphukira za chitsa chimodzi: kunenepa kwa pamimba, zakudya zashuga ndi zamafuta, ndi kukhala pansi tsiku lonse, monga achitira ambiri a m'maofesi a ku Blantyre, Lusaka ndi Harare.

Choopsa chake n'chakuti nthendayi siipweteka poyamba. Ili ngati chiswe chimene chidya nsichi m'kati, kunja kukuoneka bwino. Mwa ena, patapita zaka, chiwindi chichita zipsera ndi kuuma; pamenepo mimba idzala madzi, maso nachita chikasu. Komabe imfa imene itenga ochuluka mwa odwalawa ndi ya mtima ndi ya sitiroko.

Chifukwa chake wodwala kuthamanga kwa magazi afunse kuchipatala ngati angamuyeze chiwindi, poyeza magazi kapena pomuunika pamimba. Ngati ali wonenepa, atsitse magawo 7 kufikira 10 pa 100 a kulemera kwake. Wa makilogalamu 80 achotse 6 kapena 8, pang'onopang'ono. Ayende ndawala mphindi 30 masiku 5 pa mlungu. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi. Achepetse zakumwa zotsekemera, mandasi ndi chipisi; mowa auleke; abwerere ku mgaiwa, nyemba, nkhwani ndi bonongwe. Mankhwala a kuchipatala asawasiye, ndipo achenjere ndi zitsamba zosadziwika mphamvu yake, poti zina zipweteka chiwindi.

Chiwindi chichira msanga chikathandizidwa chisanaume. Amene achisamala lero asamalanso mtima wake.