Masamu Owerengera Kukwera kwa Madzi a m'Nyanja

Panyanja ya mcere madzi akwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo woyendetsa ngalawa akaphonya nthawi yace, ngalawayo itsama pamcenga. M'caka ca 1872 William Thomson wa ku Britain anakonza makina oneneratu nthawiyo. Nzeru yace inali kugawa kukwerako m'zigawo, monga katswiri wa gule asiyanitsa kulira kwa ng'oma iriyonse. Cigawo cocokera ku mwezi cibwereza pa maora 12 ndi mphindi 25, ca dzuwa pa maora 12. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu ziwirizi zikomana, ndipo madzi akwera koposa. Ndi makina otere, Arthur Doodson anawerengeratu madzi a ku Normandy a m'caka ca 1944, asilikali asanaoloke.