Mapanga Awiri Avumbwitsa: Nkhani ya Wailesi ya Kanema ya G4

Madzulo ano ndifuna tikambirane za wailesi ina ya kanema ya ku America, dzina lake G4, imene inabadwa kawiri ndi kufa kawiri. Kapena wina afunsa kuti, "Nanga za kutali chotere zitikhudza bwanji ife?" Ndikupemphani kuti mufatse, pakuti funso limene linasautsa eni wailesiyi ndi lomwe limasautsa aliyense wokonza mapologalamu, ndipo ine ndili m'gulu lomwelo. Funsolo ndi ili: kodi tikulankhula ndi yani?

Poyamba ndifotokoze m'mene mawailesi a mtundu umenewu amapezera ndalama. Ku America mabanja ambiri amalandira kanema kudzera m'mawaya ofika m'nyumba kapena kudzera pa mbale ya padenga, ndipo amalipira mwezi ndi mwezi, monga m'mene ena kwathu kuno amalipirira DStv. Kampani yofikitsa kanemayo imapatulako kandalama pa banja lililonse ndi kupereka kwa eni tchanelo. Ndalama zina zimachokera kwa otsatsa malonda, amene amalipira molingana ndi kuchuluka kwa oonera. Choncho tchanelo chili ndi mabwana awiri, wofikitsa ndi wotsatsa, ndipo onsewo amawerenga mitu ya anthu. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

G4 inayamba kuulutsa pa 24 April, 2002. Mwini wake anali kampani ya Comcast, ndipo woyambitsa anali a Charles Hirschhorn. Cholinga chinali chimodzi: kuonetsa za masewera a pakanema ndi pakompyuta, aja ana athu amawatcha magemu. Sabata yoyamba yonse sanaonetse china koma Pong, masewera akale a kampani ya Atari a m'chaka cha 1972, momwe kampira kamangouluka uku ndi uko pakati pa timizere tiwiri. Kumeneko kunali kuuza okonda masewera kuti, "Pano ndi panu, chiyambi chanu tikuchidziwa."

Ena adzadabwa kuti munthu angakhale bwanji pansi kuonerera anzake akusewera. Koma taganizani za bawo pansi pa mtengo wa mango. Osewera ndi awiri okha, koma ozungulira amakwana khumi, wina akulangiza, wina akutsutsa, wina akuseka amene wadyeredwa nkhomo. G4 inafuna kukhala mthunzi wotere. Pologalamu ya Icons inkafotokoza mbiri ya anthu ndi makampani opanga masewera. Ya Cheat! inkaulula zinsinsi zopambanira. Ya Judgment Day inkayesa masewera atsopano ndi kunena ngati ndi oyenera ndalama za wogula, ndipo mu Arena magulu ankapikisana pamaso pa oonera. Mapologalamuwa sanali odula, koma mnyamata wokonda masewera akatsekula kanema ankadziwa kuti wafika kwawo.

Vuto linali lakuti nyumba zolandira G4 zinali zochepa. Tsono ku San Francisco kunali tchanelo china, TechTV, chimene chinayamba mu 1998 ndi dzina loti ZDTV, ndipo chinkafika m'nyumba zambiri. Ichi chinali cha okonda makompyuta. Pologalamu yake yotchuka, The Screen Savers, inkalandira mafoni a anthu amene makompyuta awo avuta, ndipo a Leo Laporte ndi anzawo ankawathandiza pomwepo. Mu 2004 Comcast inagula TechTV kwa a Paul Allen, mmodzi mwa oyambitsa Microsoft, n'kuphatikiza ziwirizo pansi pa dzina loti G4techTV. Ntchito inasamukira ku Los Angeles, antchito ambiri a TechTV anachotsedwa, ndipo mapologalamu awo ambiri anathetsedwa. Pofika February 2005 dzina la TechTV linafufutidwa, pangotsala G4. Oonera akale a TechTV anaona ngati mlendo wagula nyumba yawo chifukwa chofuna malo okha, eni nyumba n'kuwatulutsa. Ambiri sanakhululuke.

Komabe tisanamizire kuti zonse zinaipa. Mapologalamu awiri amene anthu amakumbukira G4 nawo anachokera mu ukwati womwewu. Yoyamba ndi X-Play, ya a Adam Sessler ndi a Morgan Webb, imene inkapereka malikisi kwa masewera, kuyambira 1 kulekeza 5, mosaopa kampani iliyonse ndiponso moseketsa. Yachiwiri ndi Attack of the Show!, imene inalowa m'malo mwa The Screen Savers mu March 2005. Iyi inkakamba za mafilimu, zipangizo zatsopano ndi zoseketsa za pa intaneti, ndipo inatchukitsa a Kevin Pereira ndi a Olivia Munn, amene pambuyo pake anakhala katswiri wa mafilimu. Chaka ndi chaka G4 inkaulutsanso ili pomwepo chionetsero cha masewera cha E3 ku Los Angeles ndi msonkhano wa Comic-Con ku San Diego. M'masiku amenewo, wokhala kutali analibe njira ina yabwino yoonera zimenezi.

Apa tsopano ndi pamene mabwana awiri aja anayamba kulankhula mokweza. Otsatsa malonda ankafuna amuna achinyamata ambiri, osati okonda masewera okha. Mu 2005 a Hirschhorn anachoka, ndipo a Neal Tiles anatenga udindo, cholinga chili chokopa mwamuna wachinyamata aliyense. Kupanga pologalamu yatsopano kumafuna olemba, ojambula ndi oulutsa, pamene kugula yakale imene ena anaonetsa kale n'kotsika mtengo. Motero G4 inadzaza maola ake ndi zobwereza: Star Trek, Cheaters, imene inkasaka anthu ozembera anzawo a m'banja, ndi Cops, yotsatira apolisi akugwira anthu m'misewu. Zinafika poti oonera ankaseka kuti nthawi iliyonse ukatsekula G4 upeza apolisi akuthamangitsa munthu.

Pa zogula zonsezo, imodzi yokha inakhala mwayi weniweni. Ku Japan wailesi ya TBS inkaonetsa mpikisano wa Sasuke kuyambira 1997, momwe anthu 100 amayesa kudutsa zopinga zovuta m'zigawo 4, ambiri n'kumagwera m'madzi. G4 inauonetsa ndi dzina loti Ninja Warrior, ndipo Amereka anakonda anthu wamba onga a Makoto Nagano, msodzi amene anamaliza zigawo zonse mu 2006. Mu 2009 G4 inayambitsa wakewake, American Ninja Warrior. Koma mwana atakula anatengedwa ndi wailesi yaikulu ya NBC, ndipo anapitirira kukhala ndi moyo kholo lake litafa.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wokonda masewera akabwera ankapeza apolisi, n'kuchoka. Wofuna za apolisi ankatha kuzipeza pa matchanelo ena, choncho analibe chifukwa chokakamira G4. Ndipo pamene zinali chomwechi, mthunzi wina unali kukula pafupi. YouTube inayamba mu 2005, ndipo Twitch, yoonetsa anthu akusewera nthawi yomweyo, inabwera mu 2011. Mnyamata sankafunikanso kudikira ola la pologalamu, pakuti chilichonse ankachipeza pa intaneti nthawi imene wafuna. Chowawa n'chakuti ena mwa amene anatsogolera njira yatsopanoyi anali anthu a TechTV omwe aja. A Laporte, mwa chitsanzo, anayambitsa This Week in Tech pa intaneti mu 2005, ndipo omvera awo akale anawatsatira.

Mapeto anabwera pang'onopang'ono. Pa 1 November, 2010, kampani ya DirecTV inachotsa G4 pa mndandanda wake, ponena kuti oonera ndi ochepa, ndipo nyumba mamiliyoni zinatayika tsiku limodzi. X-Play ndi Attack of the Show! zinatha kumayambiriro kwa 2013. Panali ganizo losandutsa G4 kukhala Esquire Network, koma dzinalo linaperekedwa kwa tchanelo china. G4 inatsala ikungobwereza zakale mpaka pa 31 December, 2014, pamene inatsazika ndi kampira ka Pong komwe inayamba nako.

Patapita zaka 7, Comcast inayesanso. Pa 16 November, 2021, G4 inadzuka, a Sessler ndi a Pereira atabwerera, ndipo inkaulutsanso pa YouTube ndi Twitch. Koma anyamata a 2005 anali atakula, ali ndi mabanja ndi ntchito, ndipo achinyamata atsopano anali ndi oulutsa awoawo, ambiri a iwo munthu mmodzi ali m'chipinda chake ndi kamera imodzi. Kampani yolipira nyumba yojambulira ndi antchito ambiri sikanatha kupikisana nawo pa mtengo. Mu October 2022, chaka chisanathe, analengeza kuti G4 yatsekedwanso.

Tsono tiweruze bwanji? Chilungamo chake n'chakuti eni G4 sanali opusa. Zobwereza zija zinkabweretsa ndalama zolipirira X-Play, ndipo intaneti ikanawavutitsa ngakhale akanachita bwino chotani. Koma ine ndiona kuti anasinthanitsa chinthu chovuta kupeza ndi chinthu chosakhalitsa. Anali ndi anthu ochepa amene ankati, "Wailesi iyi ndi yathu," ndipo anawasiya pofuna khamu la odutsa m'njira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mphepo ya intaneti itaomba, odutsawo anauluka, ndipo eni nyumba anali atachoka kale.

Ife okonza mapologalamu timakumana ndi yesero lomweli sabata iliyonse. Pologalamu ya alimi kapena ya ana a sukulu ingaoneke yochepa oimvera poyerekeza ndi nyimbo zovina, ndipo mtima umati tiichotse, tiikepo zokoma kwa aliyense. Tisanatero, tizifunsa kuti mlimi uja akatsekula wailesi pa ola lake n'kupeza zina, kodi mawa adzabweranso? Ndipo inu omvera, mukaona pologalamu imene mumaikonda ikusochera, musangotseka wailesi mwakachetechete. Tilembereni, tidzudzuleni, pakuti mutu umodzi susenza denga.