Nyimbo za jazi: kumene zinachokera ndi mmene zasinthira

Lero ndati tikambirane za jazi. Ambiri a ife ikangolira pa wailesi timathamangira kusintha siteshoni, ati ndi nyimbo za azungu, zopanda mawu, zosavinika. Ine ndikuti tiyambe tamva mbiri yake, kenako aliyense aweruze yekha.

Jazi inabadwira ku America, mumzinda wa New Orleans, cha m'ma 1900. Eni ake ndi anthu akuda, zidzukulu za akapolo amene anagwidwa kuno ku Africa kuti akalime thonje ndi nzimbe. Mumzindamo muli bwalo lotchedwa Congo Square, pomwe akapolo ankaloledwa kusonkhana Lamlungu n'kumaimba ng'oma ndi kuvina. Ukapolo utatha mu 1865, ana awo anatenga malipenga ngati a asilikali ndi piyano, n'kusakaniza nyimbo za kutchalitchi, nyimbo za kumunda, blues imene ndi nyimbo ya madandaulo, ndi ina yodumphadumpha yotchedwa ragtime. Pa maliro oimba malipenga ankapita kumanda akuimba mwachisoni, pobwerako n'kuimba zosangalatsa. Mu msakanizo umenewu ndi momwe munatuluka jazi.

Mbale yoyamba ya jazi inajambulidwa mu 1917, ndipo oimba ake anali azungu, a Original Dixieland Jass Band. Koma amene anaikweza ndi Louis Armstrong, mwana wa mphawi wobadwa mu 1901 ku New Orleans komweko. Poyamba gulu lonse linkaimbira pamodzi. Iyeyu, kuyambira 1925 ndi gulu lake la Hot Five, anaonetsa kuti munthu mmodzi atha kutsogola ndi lipenga lake, n'kupeka nyimbo pomwepo anzake akumuperekeza. Kupeka pomwepo kumeneku ndiye mtima wa jazi mpaka lero.

M'ma 1930 kunabwera swing. Awa anali magulu aakulu a anthu oposa 10, otsogozedwa ndi anthu ngati Duke Ellington ndi Count Basie, ndipo anthu ankavina usiku wonse. Ndiye amene amati jazi sivinika amve pamenepa! Koma tsankho linalipo ndithu. Ellington anatchukira ku Cotton Club ya ku Harlem, ku New York, kumene oimba anali akuda koma odzaonera anali azungu.

M'ma 1940 achinyamata ena, monga Charlie Parker wa sakisofoni ndi Dizzy Gillespie wa lipenga, anatopa n'kuimbira anthu ovina. Anayambitsa bebop: gulu laling'ono, nyimbo yothamanga, yoti munthu ukhale pansi utchere khutu. Akuluakulu ena anadandaula kuti anawa aononga nyimbo. Kenako Miles Davis anaiziziritsa, n'kumaimba mofatsa, ndipo mu 1959 anatulutsa chimbale chotchuka cha Kind of Blue. Pofika 1970 yemweyo anali atalowetsa magitala amagetsi, n'kusakaniza jazi ndi rock, mtundu umene amautcha fusion. Apanso ena anadandaula. Mwaonatu, m'badwo uliwonse umalandira nyimbo kwa akulu n'kuiyankha mwa njira yake.

Tsono jazi sinathere ku America, inabwereranso kuno. Ku South Africa inakumana ndi marabi ndi kwela, n'kutulutsa anthu ngati Hugh Masekela ndi Abdullah Ibrahim, amene nyimbo yake ya Mannenberg ya 1974 inkalimbitsa anthu mtima pa nthawi ya apartheid. Azigogo athu amene ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ankabwerako ndi magitala, magalamafoni ndi mbale za kumeneko. Ku Malawi, Daniel ndi Donald Kachamba anatchuka ndi kwela, ndipo Alan Namoko woimba banjo gulu lake linali Chimvu Jazz. Kuno ku Mozambique tili ndi Jimmy Dludlu wa gitala ndi Moreira Chonguiça wa sakisofoni. Ndipo katundu sankangochokera mbali imodzi ayi. Nyimbo ya Skokiaan anaipeka ndi August Musarurwa wa ku Zimbabwe, Armstrong n'kudzaijambula mu 1954.

Nanga tiziimvera bwanji? Kumbukani amayi pa mtondo kapena pa bwalo la gule: mmodzi amayambitsa, ena n'kuvomera. Jazi ndi chimodzimodzi, kungoti amene akuyankhanawo ndi zida. Poyamba gulu lonse limaimba mutu wa nyimbo. Kenako lipenga limanena zake, sakisofoni n'kuyankha, piyano naye, wang'oma naye. Pomaliza onse amabwerera ku mutu uja. Mukaugwira mutuwo simusochera.

Pempho langa ndi ili, anzanga. Ikadzalira jazi pa wailesi, musafulumire kugwira batani. Imvereni mpaka ithe, muwerenge kuti zida zingati zayankhula, tidzauzane pa msonkhano wotsatira. Ndipo ana athu akamasema banjo ya chigubu n'kumaimba zosiyana ndi zathu, tisawakalipire msanga. Nawonso akuyankha nyimbo imene tinawayambitsira.